Adzukulu tili nawo, nanga onyamula amoyo ali kuti?

Lero ndalemba zazitali kuposa masiku ena onse. Amene muli pa tebulo gulitsani kaye, mudzawerenge madzulo mukalongedza katundu.

Mawu athu achokera pa Marko 2:1-12. Nkhani yake muidziwa. Yesu ali m'nyumba ku Kapernao, anthu adzaza mpaka pakhomo, ndiye kukubwera anthu anayi atanyamula mnzawo wofa ziwalo pamphasa. Polowera palibe. Akwera pamwamba, asasula denga, namutsitsira pamaso pa Ambuye. Zaka zonse zimene ndakhala ndikuwerenga mawu m'tchalitchi, pali kanthu pa vesi 5 kamene ndinali kungokadumpha. Chikhulupiriro chimene Yesu anaona chinali cha onyamula aja. Wodwala uja sitimumva akulankhula ngakhale liwu limodzi. Mwina panjira anali kukana, ati ndibwezeni kunyumba, anthu andiseka. Koma anzake anali atagwira kale ngodya za mphasa.

Uno ndi Okutobala, mwezi wokumbutsana za khansa ya m'mawere. Muona matisheti a pinki m'tauni, muona tiriboni pachifuwa pa anthu a m'maofesi, mumva ndi pa wailesi. Tisheti ine ndili nayo, ndipo akaitana kuguba ndimaguba nawo. Koma ndinene zoona ngati munthu amene anadutsamo. Ife a mpingo ndi a pamsika timadziwa kunyamula bokosi. Kunyamula wodwala sitinaphunzire. Tisheti siikweza munthu basi ya ku Lusaka.

Ndiyambe ndi kuulula zanga, kuti pasakhale wonena kuti ndikuloza ena chala.

Mu 2018, ndili ndi zaka 47, ndinamva kambulu m'bere lakumanzere ndikusamba. Kanali kolimba, kakakulu ngati nshawa imodzi, kosawawa n'komwe. Kusawawako ndi kumene kunandinamiza. Ndinati chinthu chosawawa si matenda. Inali nyengo yokolola, mpamba wonse ndinali nditauika mu nshawa ndi kayera, mwana wanga anali mu Grade 12, ndiye ndinati ndithane kaye ndi izi. Nditanong'oneza mnzanga wina, anati n'chifukwa cha ndalama ndi foni zimene timasunga mu bra. Ndinagula kachikwama ka m'chiuno, n'kumadikira kuti kambulu kasungunuke. Pa kiliniki ina anandipatsa mapiritsi a chithupsa, ine n'kukondwera, chifukwa ndilo yankho limene ndinali kufuna. Anati ndibwerenso chikapanda kusintha. Sindinabwerere. Ndipo, Mulungu andikhululukire, ine amene ndimavala mkanjo pa Sondo m'mawa ndinapita usiku kwa mneneri wina, kutali ndi komboni yathu kuti a mpingo asandione. Anati ndi mnzanga wa pamsika amene wandiponyera chifukwa cha nsanje. Ndinagula kabotolo ka mafuta. Miyezi iwiri sindinapatse moni mayi wosalakwa.

Miyezi 7 inapita motero. Kambulu kanafika ngati dzira, m'khwapa n'kutulukanso kena.

Amene anagwira ngodya yoyamba ya mphasa yanga anali agogo ena a Mothers' Union, malemu tsopano. Tinali kusesa m'tchalitchi Loweruka, iwo n'kuona mmene ndinali kugwirira tsache. Anandikokera mu vestry, n'kutseka chitseko. "Mwananga, mukubisa chiyani m'khwapamo? Vulani ndione." Ndinaseka, ndinati ndi mphepo chabe. Iwo anangokhala pampando, ati sindituluka muno. Lolemba lake anafika kunyumba kwanga 5 koloko m'mawa, ndalama za teksi atamanga pangodya ya chitenge. Sanandifunse ngati ndili ndi chikhulupiriro.

Kuchipatala chachikulu anatenga kanyama pang'ono kukapima, kumene amati biopsy. Zotsatira zitabwera, adokotala anati ndi khansa, ndipo yafika kale m'timbulu ta m'khwapa. Anachotsa bere lonse. Chilonda chitapola ananditumiza ku Cancer Diseases Hospital ku Lusaka, pafupi ndi UTH, chipatala chimene chinatsegulidwa mu 2007.

Apa ndiye pagona nkhani imene tisheti siinena. Kuchokera kuno ku Chipata kukafika ku Lusaka ndi makilomita pafupifupi 570. Unyamuka kusanache, upita Katete, Petauke, Nyimba, uwoloka Luangwa, uzungulira mapiri aja, ufika pa Intercity thupi litatheratu. Mankhwala a mudiripi, amene timati chemo, sapereka kamodzi. Ine ndinalandira ka 6, kamodzi pa masabata 3 alionse. Ndiye werengani nokha, inu ndinu anthu a masamu: kupita ndi kubwera ka 6, anthu awiri, chifukwa pobwera sungayende wekha, umasanza njira yonse. Mankhwala ena ndi ofiira, mkodzo umafiira nawo tsiku limenelo. Patapita masabata awiri tsitsi linayamba kutsala pa pilo. Zitatha izo kunabwera makina owotcha, Lolemba mpaka Lachisanu kwa masabata angapo, ndiye uyenera kukhala ku Lusaka komweko. Ine ndinali kugona pabalaza pa msuweni wanga ku Kalingalinga. Amene alibe wachibale ku Lusaka, muganiza agona kuti?

Mpamba wanga unadyedwa ndi basi, minibasi, chakudya cha panjira, ndi tebulo lotseka. Wa pamsika alibe tchuthi cha odwala. Tsiku limene sunayale, poto sakhala pamoto. Pofika ulendo wachinayi tinali titatenga kale kaloba, ndipo ine ndinatsala pang'ono kuleka. Ndinauza abambo a kunyumba kuti ndikumva bwino, chotupa anachotsa, zatha basi. Amayi a chilimba chathu ndi amene anasintha mndandanda, n'kundipatsa mwezi umene sunali wanga. Pa benchi paja panali amayi ena amene ndinawaona ulendo woyamba ndi wachiwiri, wachitatu osawaonanso. Ena mwina anasinthiridwa tsiku. Koma ine ndidziwa chimene chinatsala pang'ono kundichotsa pa benchi imeneyo, ndipo sichinali kusowa pemphero.

Manje mverani chimene chandilembetsa.

Chaka chatha tinaika mnzathu wa mzere wa tomato. Uthenga unafika 6 koloko m'mawa. Pofika 10 koloko kabuku ka chipepeso kanali katazungulira msika wonse, a salaula, a kapenta, a makala, ngakhale anyamata a mawilibala anaponya. Bokosi linagulidwa, lole inapezeka, unga, kabichi, mafuta, nkhuni. Amayi tinagona pa siwa masiku atatu tikuyimba. Kwaya inabwera mu yunifomu. Aliyense anati tamulemekeza. Wogwira kabuku ndinali ine, ndipo usiku uja powerenga ndalama manja ananjenjemera. Zinali zokwana maulendo onse a ku Lusaka, n'kutsalako.

Mayi ameneyo anakhala ndi kalata yomutumiza ku Lusaka miyezi 5. Mwana wake anaipeza atamwalira, itapindidwa m'kati mwa kabuku kolembamo ngongole za makasitomala. Ndipo ine ndinali kuona. Ndinaona atasiya kusenza dengu pamutu. Ndinaona akuvala juzi kukutentha. Ndinamva ndi fungo la chilonda. Ine amene ndinadutsamo, amene ndidziwa zizindikiro zake. Ndinati si bwino kulowerera za mwini, akafuna adzanena yekha. Agogo aja anatseka chitseko cha vestry chifukwa cha ine, koma ine ndinalephera kuwoloka mizere iwiri.

Timati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Mwambi umenewu ndi woona pa zambiri, koma pa matenda awa watiphera anthu. Mayi amene wapeza chotupa m'bere satsekula chitseko, amachikhoma. Aopa mpeni. Aopa kuti mwamuna akwatira wina. Aopa kuti makasitomala athawa. Aopa kutchedwa wopemphapempha pakati pa anzake amene amadya nawo chilimba. Pakhomo pakatsekeka, Marko akutikumbutsa kuti pali denga.

Maganizo anga ndi awa, ndipo ndidzawanena pa msonkhano wa section ndi ku komiti ya msika. Pambali pa thumba la maliro pakhale thumba la ulendo. K5 pa sabata, mtengo wa kamulu ka tomato. Tikakhala anthu 40 ndi K200 pa sabata, K10,400 pa chaka. Ntchito yake ikhale imodzi: tikiti ya basi ndi chakudya cha wodwala ndi womuperekeza, ndipo ituluke pokhapokha pali kalata ya chipatala. Si ya khansa ya m'mawere yokha. Wa khansa ya khomo la chiberekero, imene ndiyo yochuluka kwambiri mwa amayi a mu Zambia, akwera basi yomweyo. Abambo a khansa ya prostate akwera yomweyo.

Ndidziwa zimene mudzanena, chifukwa ena mwandiuza kale pa tebulo.

Mudzati ndalama kulibe, bizinesi yavuta, zinthu zakwera. Zoona, inenso ndigula ku oda komweko. Koma maliro aja anandionetsa kuti ndalama zilipo, zimangodziwa tsiku lotulukira. Timati maliro n'kulirana, ndipo kabuku ka chipepeso kamawerengedwa pagulu, ndiye palibe afuna kuti dzina lake lisowe. Kupatsa wodwala palibe akuona. Ndivomerenso chinthu china, kuti maliro amabwera kamodzi pomwe wodwala khansa amabwera ka 6, n'kubweranso. Mbale ikayenda kachitatu kwa munthu yemweyo, nkhope zimasintha, ndinaziona ndekha. N'chifukwa chake ndikuti tisayendetse mbale. Tiponye pang'onopang'ono wodwala asanadziwike, kuti tsiku lake likafika asaime kutsogolo ngati wopempha, angotenga zimene nayenso anaponyamo.

Mudzati anthu adzanama, kapena wosunga adzadya. Osaina akhale awiri, tikiti igulidwe ndi komiti, kabuku kawerengedwe mwezi uliwonse. Pa chilimba ndi pa village banking timakhulupirirana ndalama zoposa pamenepa.

Mudzati pali NHIMA. Ee, lembetsani, ife a pamsika timaloledwa, ndipo musadikire kudwala. Koma kondakitala pa siteshoni salandira khadi la NHIMA.

Pali chinanso chimene sichinenedwa mokweza, koma ndicho chimakhala m'mitima ya ambiri a ife opemphera. Ati kuthamangira kuchipatala n'kuchepa chikhulupiriro, kodi Mulungu wasiya kuchiritsa? Abale, ine ndikhulupirira kuti Mulungu amachiritsa. Madzulo a tsiku loti mawa ndilowe ku opaleshoni, Bambo athu anabwera mu wodi, anandidzoza mafuta monga atilamulira Yakobo 5, anandipatsa Mgonero, ndipo ndinagona tulo. M'mawa mwake ndinakwera pa bedi la adokotala. Ziwirizi sizinayambane. Pa 18 mwezi uno tikumbukira Luka Woyera, amene Paulo pa Akolose 4:14 amutchula sing'anga, ndipo amutchula mwachikondi. Tchalitchi chachikulu cha dayosizi yathu ku Msoro chili m'dzina la sing'anga ameneyo. Chipatala cha St Francis ku Katete chinayambitsidwa ndi mpingo wathu mu 1948. Makolo athu m'chikhulupiriro anamanga wodi pafupi ndi guwa, nanga ife tikufuna kukhala oyera kuposa iwo? Amene akuuzani kuti tayani mankhwala mwachiritsidwa, mufunseni apite nanu kuchipatala akapime aone. Yesu mwini atachiritsa wakhate anamutumiza kwa wansembe kuti akamuone, chifukwa wansembe ndiye anali wopima khate masiku amenewo.

Sindikunamizani kuti aliyense wokwera basi amabwerako ali bwino. Ena amene ndinagawana nawo mabisiketi pa benchi anamaliza mankhwala onse, koma lero kulibe. Chifukwa chake ine ndatsala, iwo apita, ndidzakafunsa kumwamba. Koma pali chimene chidziwika. Bungwe la WHO linati mu 2022 amayi 2.3 miliyoni padziko lonse anapezeka ndi khansa ya m'mawere, ndipo anthu 670,000 anamwalira nayo. M'maiko olemera amayi 9 mwa 10 amakhala akadali moyo patapita zaka 5. Mawere awo ndi athu n'chimodzimodzi. Kusiyana n'kwakuti iwo amafika chotupa chili chaching'ono ndipo amamaliza mankhwala, pomwe kuno ambiri timafika chitakula kale kapena chitaphulika. Bungwe lomwelo likufuna kuti mayi akafika kuchipatala ndi chotupa, pasapite masiku 60 asanadziwe chimene chili. Ine masiku anga ndinawononga ndekha oposa 200 ndisanafike n'komwe pamalo oyenera.

Amayi anzanga, zala zathu zimapeza kamwala kamodzi mu meda ya kayera. Zisalephere pathupi pathu. Kamodzi pamwezi, patapita masiku ochepa mutatsiriza kumwezi, imani pagalasi, kwezani manja, yang'anani. Kenako posamba kapena mutagona chagada, sisitani bere lonse ndi zala zitatu mozungulira, mpaka m'khwapa. Ife amene tinasiya kumwezi tisankhe tsiku, ine ndinasankha tsiku loponya chilimba kuti ndisaiwale. Mukapeza kambulu, kaya kawawa kaya sikawawa, khungu likachita timaenje ngati khoko la lalanje, nsonga ya bere ikalowa m'kati pomwe kale sinali choncho, pakatuluka madzi a magazi, bere limodzi likasintha maonekedwe, pitani sabata yomweyo. Zotupa zambiri si khansa, ndiye mwina mudzabwerako mukuseka. Koma wonena zimenezo akhale wopima, osati mnzanu wa pa tebulo. Akakupatsani mapiritsi koma chotupa chikadalipo, bwererani, ndipo pemphani kuti akutumizeni kuchipatala chachikulu.

Zija za ndalama mu bra n'zabodza. Zija zakuti mpeni ukakhudza khansa imafalikira n'zabodzanso. Imafalikira ikasiyidwa. Anthu amanena zimenezo chifukwa anaona wina amene anapita mochedwa n'kumwalira atangochita opaleshoni. Khansa siipatsirana, simungaitenge pa mbale, pa chitenge, kapena pa nshawa zimene ndakupimirani. Ndanena izi chifukwa nditabwerera pamsika ndili ndi duku wopanda tsitsi m'kati, makasitomala ena a zaka zambiri anali kudutsa tebulo langa ngati sakundiona. Ndipo musadzitonthoze kuti kwathu kulibe amene anadwalapo. Ambiri amene amapezeka nayo kubanja kwawo kulibe, inenso kwathu ndinali woyamba.

Azibambo, musapitirire ndime ino. Choyamba, inunso imakugwirani, ngakhale mwa apo ndi apo, pafupifupi mmodzi pa odwala 100 alionse, ndiye kambulu pachifuwa musakaseke. Chachiwiri, mantha aakulu a mkazi wanu si imfa ayi, ndinu. Abambo a kunyumba kwanga sabata yoyamba analephera kuyang'ana chilonda, anali kutembenukira kukhoma ndikamavula. Achibale awo ena anawaitanira pambali, ati mkazi wa bere limodzi mudzatani naye. Sindidziwika ndi kuwatamanda pagulu, koma anayankha kuti lonjezo la pa guwa silinawerenge mawere. Anagulitsa njinga yawo, ndipo m'basi ndiwo anali kundigwirira pulasitiki. Mkazi wanu akakuuzani kuti wapeza chotupa, mawu oyamba amene mudzatulutse ndi amene adzamupititsa kuchipatala kapena kumukhomera m'nyumba.

Ena mumandifunsa kuti manje muli bwanji, mwachira? Ndimayankha kuti ndili moyo. Ndinamwa tamoxifen, kapiritsi kamodzi tsiku lililonse kwa zaka 5, chifukwa khansa yanga inali ya mtundu umene umakula ndi mahomoni, ndipo kanali kunditenthetsa thupi usiku mpaka kutaya bulangete mu Juni. Dzanja lamanzere limatupa ndikaligwiritsa ntchito kwambiri, poti anachotsa timbulu ta m'khwapa timene timathandiza kuyendetsa madzi a m'thupi. Thumba la 50 kg limene ndinali kukoka ndekha, lero ndimalipira mnyamata. Mbali yopanda bere ndimaikamo kansalu kosokedwa, ndipo tsiku lina kanagwa ndikuwerama kutola chenje, kasitomala n'kunditolera osadziwa kuti n'chiyani. Tinaseka mzere wonse. Kaloba tinamaliza kubweza patapita zaka ziwiri. Mpamba sunabwerere pamene unali. Ndipo sabata yoti ndipite kukaonedwanso, tulo sitibwera, kachifuwa kalikonse ndimati yabwerera. Mukandiona ndaima kutsogolo ndi buku, musaganize kuti mantha anatha. Koma mwana uja wa Grade 12 ndinamuvinira pa ukwati wake, ndipo mdzukulu ndimamubereka, ngakhale chitenge ndimamangira mbali inayo.

Ndikawerenga Marko 2 masiku ano ndimaganizanso za mwini nyumba uja. Anthu atabalalika akulemekeza Mulungu, iye anatsala ndi bowo padenga ndi dothi pabalaza. Wina anayenera kulipira. Kunyamula amoyo kuli ndi mtengo wake, ndipo nthawi zina wonyamulidwayo adzakukwiyirani, adzati mwandichititsa manyazi. Ine agogo aja sindinawalankhule bwino sabata yathunthu.

Loweruka likubwerali tikatha kusesa ndidzakhala mu vestry mpaka 12 koloko, amayi okhaokha. Amene aopa mpeni abwere aone chipsera changa ndi maso ake, ndidzavula. Amene sadziwa kudzipima ndidzamuonetsa. Amene ali ndi kalata yopindidwa m'chikwama abwere nayo, palibe adzamve kunja. Ngati si inu koma mwaona mnzanu wavala juzi kukutentha, mugwireni dzanja mubwere naye. A mipingo ina ndi Asilamu anzathu a pamsika, khomo ndi lomwelo. Kabuku ka thumba la ulendo ndagula kale, K5 yanga ya sabata ino ndalembamo.

Mwezi wamawa ndili ndi tsiku lokaonedwanso ku Lusaka, mundikumbukire m'mapemphero. Mawa tidzapitiriza pa Marko 2:13-17.